Kabokosi ka pa Thanki

Edina ankapeta mtedza kuseri kwa nyumba pamene mlamu wake Ndaziona anafika ndi uthenga. Anati komiti ya madzi yasonkhana kale pa thanki, ndipo a Lyton, amene anapanga kabokosi kotumiza mauthenga kaja, abwera kuchokera kwa Msundwe. A Lytonwo akunena kuti batire la kabokosiko likutha mphamvu chifukwa Edina amatchajirapo mafoni a anthu mobisa.

Edina anavundikira lichero kuti nkhuku zisadye mtedza, nanyamula kawailesi kake. Makiyi a kanyumba ka pampu anawasunga zaka zitatu. Anadziwa kuti lero akhoza kumulanda pamaso pa anthu amene amapemphera nawo.

Kabokosiko kankakhala m'kanyumba ka pampumo, ndipo kanali ndi simu ya foni mkati. Ntchito yake inali kutumiza uthenga pa foni ya wapampando, a Alufeyo, madzi akamachepa m'thanki. Chikaikireni sikanatumizepo, ndipo Lachiwiri thanki inauma anthu osadziwa.

Anapeza Lyton akufotokozera komiti kuti kushopu kwake kabokosiko kankagwira bwinobwino, ndipo mita yake yoyezera magetsi ikusonyeza kuti iye analumikiza zonse molondola.

"Ine yanga ndinaitha," anatero. "Koma nanga khoswe akakhala pa mkhate, a pampando, amapheka?"

Ena anaseka, pakuti Edina anali mwana wa mlongo wawo wa a Alufeyo. A Alufeyowo anatambasula dzanja, osamuyang'ana, kuti awapatse makiyi. Edina anapempha kuti a Lyton ayambe akayatsa kamodzi, ndipo anaika wailesi yake pambali pa kabokosiko.

Lyton anadina batani, nalisiya lodinika mpaka kanyale kobiriwira kanayaka. Patapita kanthawi wailesi inachita phokoso lija imachita foni ikatsala pang'ono kuitana. Pomwepo kanyale kanazima. Anayatsanso, ndipo zinachitika chimodzimodzi. Kachitatu anthu anali atasiya kuseka.

"Kamazima wailesi ikalira, bambo, osati nthawi ina," anatero Edina. "Ndimaona m'mawa uliwonse ndikamasesa muno. Sindinadziwe kuti n'chiyani, ndiye ndinangokhala chete."

Lyton anayang'ana waya wochokera ku batire nthawi yaitali. Unali woonda ndi wautali, wodulidwa ku tchaja yakale. Anafotokoza motsitsa mawu kuti kwa Msundwe nsanja ya netiweki ili kuseri kwa shopu yake, kotero kabokosi kamangonong'ona. Kuno kudambo nsanja ili kutali, ndipo kamayenera kukuwa. Kakamakuwa kamakoka moto wambiri mwadzidzidzi, waya woondawo n'kulephera kuupititsa, kabokosi n'kukomoka. Zimachitika mwachangu kwambiri moti mita yake sinkaziona. Panafunikanso kapasita, kachipangizo kosungira moto pafupi, koma iye anakasiya poganiza kuti n'kosafunika.

"Ndiye khoswe uja ali m'chikwama chanu, eti?" anafunsa Ndaziona.

Lyton anatsegula chikwamacho. Anatulutsa waya wonenepa, naufupikitsa, nasendeza batire pafupi. Timasikuluwu tinkamugwera m'fumbi, ndipo Edina anagwada, natitola, natisunga m'chikhato, n'kumamupatsa kamodzikamodzi. Atalumikiza kapasita anadinanso batani. Wailesi inalira, koma kanyale sikanazime. Kenako foni ya a Alufeyo inaitana m'thumba mwawo. Anavala magalasi, nawerenga kuti madzi ali pakatikati pa thanki.

Anthu anayamba kudzuka, akusasa fumbi, ngati nkhani yathera pamenepo. Edina anatenga wailesi yake kuti abwerere ku mtedza. Lyton anali atakwera kale njinga yake yamoto, koma anatsikanso, navula chipewa.

"Musabalalike kaye," anatero mokweza kuti a kumbuyo amve. "Ndinawanenera pagulu, ndiye ndipepesenso pagulu. Mayi Edina, waya unali wanga, bodza linalinso langa. Mundikhululukire."