Misoko ya dzanja lamanzere

Jenifa anafika pa komboni yathu Lachiwiri masana, chaka chija cha chilala tinkadya ufa wachikasu. Ine munthu wobwera akumwetulira kwambiri sindimukhulupirira, ndipo uyu mano anali pamtunda kuyambira kugeti.

"Maswera sei, amai? Ndikufuna kwa mai Ricardina, osoka zofunda za zigamba aja."

"Mwatumidwa ndi ndani?" ndinatero, moni wake osayankha.

Mai Ricardina anali apongozi anga. Mwana wawo Joze, mwamuna wanga, anapita ku Karoi kukafuna ntchito n'kuiwala njira yobwerera. Tinatsala ine, iwo ndi ana anga awiri m'nyumba ya njerwa, imene pa purazi la fodya ku Tengwe inkaperekedwa kwa oyendetsa thirakitala okha. Ife inkatisungira nyumbayo ndi singano. Madamu, mkazi wa mwini purazi, ankatenga zofunda za apongozi kukagulitsa ku Harare, ndipo dzina lawo linamveka kutali. Koma foromani Bizwell ankaifunira nyumbayo mlamu wake, ndipo anali atanena poyera kuti tsiku limene gogo adzasiye kusoka, makiyi abwezedwe. Kwathu ku Tete kunali nkhondo. Kopita tinalibe.

Chimene Bizwell sankadziwa n'chakuti maso a apongozi anachita ng'ala zaka ziwiri m'mbuyomo. Wosoka ndinali ine, chitseko chili chotseka. Kumuuza madamu zoona sikukanathandiza, pakuti nthawi ina ataona kansalu kanga ananena kuti ndimasoka ngati wosoka matumba. Choncho Lachisanu lililonse lobwera madamu tinkawakhazika apongozi pakhonde, magalasi a malemu amuna awo ali kumaso, chofunda pamiyendo, m'manja muli singano yomwe ulusi ndalowetsa ine.

Jenifa anati anabadwira pa purazi lina ku Goromonzi, makolo ake ndi a ku Dedza. Anati anadzilonjeza kuti asanafe adzakhala pamphasa imodzi ndi osoka atatu otchuka. Awiri anali atawaona kale, mkazi wa abusa kwawoko ndi mai Filesi a ku Centenary. Anatulutsa nsalu m'chikwama: panali zigamba ziwiri, chilichonse chosokedwa ndi mwini wake, ndi malo opanda kanthu a chachitatu.

Nkhani yokoma chonchi ine inandinunkha. Ndani amakwera mabhazi atatu chaka cha njala chifukwa cha kachigamba? Koma apongozi, atangomva zoti dzina lawo lafika ku Goromonzi, mutu unakula.

"Margarida, yala mphasa. Mlendo ndi mame, Loweruka apita."

Masiku awiri anamuphunzitsa ndi pakamwa pokha, ponamizira nyamakazi m'zala. Anamuuza kuti zigamba zatsopano uyambe wazichapa, apo ayi zikadzafota zidzakoka zinzake. Anati khakhi wa maovololo akale umuike pafupi ndi nsalu yowala kuti diso lipume, bulangete lakale lilowe pakati, ndipo posoka uyambire pakatikati kumapita kunja. Ulusi uziupaka kandulo. Jenifa ankangovomera, "Ehe, mai, ndizvozvo," koma maso ake sanali pa iwo. Ankatembenuza chofunda chilichonse n'kumayendetsa chala kunsi kwake ngati akufuna nsabwe. Ndikamadula masamba ankandiyang'ana manja. Ndipo ndinakumbukira kuti tsiku lofika anayamba wamwa madzi pakhomo pa Bizwell. N'zoona kuti mlendo aliyense amayamba waonekera kwa foromani, koma mtima wanga sunafune kumva zimenezo.

Lachinayi tili kumpopi ndinamufunsa mwaulemu wabodza. "Nanga apolisi pamsewu sanakuvutitseni?"

Anatsitsa mawu. "Ndinangopemphera, achemwali. Ine chitupa ndilibe. Obadwira pa purazife, mukudziwa, kalata ya kubadwa tiitenga kuti?"

Madzulo omwewo ndinapita kwa Bizwell. Ndinaganiza chonchi: ngati ndi munthu wake, sachitapo kanthu, ndipo ndidziwa. Ngati si wake, amuthamangitsa, ndipo ndipuma. Ndinamuuza kuti mlendo wathu alibe chitupa, n'kuwonjezapo bodza loti akufunsafunsa za mawindo a kunyumba kwa madamu. Bizwell anangoti wamva. Pobwerera ndinkadziona wochenjera kwambiri.

Lachisanu m'mawa tinawakhazika apongozi pakhonde monga mwa nthawi zonse. Ntchito yawo inali kungogwira singano basi. Koma pamaso pa mlendo wochokera kutali, kunyada kunawakwera, ndipo ine nditalowa m'nyumba kukatenga mpando wa madamu anayamba kusokadi. Potuluka ndinapeza galimoto itaima kale, madamu akutsika.

"Ricardina, tione zatsopano," anatero m'Chishona chake chopindikacho, n'kugwira ngodya ya chofunda kuti achinyamule.

Chofunda chinanyamuka limodzi ndi chitenje cha apongozi. Anali atazisokerera pamodzi, misoko ikuluikulu yokhotakhota, kutalika ngati chikhatho. Ngakhale mwana wa zaka zisanu sakanasoka chotero akuona. M'maganizo ndinaona katundu wathu ali pamsewu wa ku Karoi, ndipo ndinayang'ana Jenifa kudikira kuti amalize ntchito imene anatumidwa.

Iye anagwada pansi n'kuwomba m'manja.

"Pepani madamu, ndalakwitsa ndine. Ndine wophunzira. Mai anandipatsa kuti ndiyeserere pamiyendo pawo, ndiye ndi mantha ndasokerera ndi chitenje chomwe."

Anasolola kalumo mu duku lake n'kudula misokoyo msangamsanga, ulusi n'kuufumbata m'manja kuti usaoneke. Apongozi nzeru sizinachite ng'ala, anailandira nkhaniyo m'malere.

"Masiku awiri ndikukuphunzitsa, mwana iwe. Kodi ku Goromonzi mumasoka ndi mapazi?"

Madamu anaseka mpaka kupukuta misozi. Anayamikira chofundacho, anati misoko ya Ricardina ikunka ichepera ndi ukalamba, n'kuchitenga kupita nacho.

Kuseri kwa nyumba ndinamupeza Jenifa akutaya ulusi uja pa dzala. Ndinamufunsa motsitsa mawu.

"Munadziwa liti?"

"Ndisanafike," anatero. "Chofunda cha mai Ricardina chimene ndinaona kwa abusa ndi cha chaka chatha. Misoko yake ya m'mphepete yapendekera uku, ya munthu wamanzere. Mai amamwa tiyi ndi dzanja lamanja. Inu mumadula masamba ndi lamanzere." Anandionetsa dzanja lake, chala chili ndi zipsera za singano. "Inenso ndine wamanzere. Onse amene anandiphunzitsa amafuna ndisinthe dzanja, ndiye ngodya zimandikanika. Ndinati ndikapeze amene anasoka chija. Ndimangodikira kuti mundizolowere, achemwali, kuti mwina lero masana mungandionetse."

Chibadwire palibe munthu anali atayendapo ulendo chifukwa cha ine. Zaka ziwiri ndinkasoka motsekera, dzina likupita kwa wina, ndipo ndinkaganiza kuti sizindipweteka. Ndinalira pomwepo, iye n'kumandisisita pamsana poganiza kuti ndi mantha a madamu aja.

Tili chiimire, Bizwell anatulukira ndi mlonda wa pageti.

"Ndiwe wopanda chitupa uja? Bwana akuti bhazi ya masana ikupeze kunja kwa geti. Ukachedwa tiitana apolisi, ukafotokoze za mawindo kumeneko."

"Mawindo ati, baba?"

Bizwell anangondiyang'ana ine. Ndikanatha kunena kuti ndinanama. Koma akanafunsa chimene ndinanamira, ndipo Bizwell akayamba kukumba sasiyira panjira. Ndinayang'ana nyumba, ndinayang'ana zovala za ana anga pachingwe, n'kukhala chete.

Jenifa sanakangane nawo. Analowa kukatsanzika apongozi, anapinda nsalu yake ya zigamba ziwiri ija n'kuibweza m'chikwama. Ndinamuperekeza mpaka pa shedi yosankhira fodya, ndikuyenda pambuyo pake ngati mbuzi yogulitsidwa.

"Dikirani pang'ono," ndinatero. "Ndikusokereni chigamba chanu. Sindichedwa."

Anaima, koma sanamwetulire. Aka kanali koyamba kumuona pakamwa pali potseka.

"Za chitupa ndinauza munthu mmodzi yekha pa purazi pano," anatero. "Musaope, za maso a mai sindikauza wina. Tsalani bwino, mai Margarida."

Nyumba tinaisunga. Apongozi anamwalira patapita zaka zinayi ali m'chipinda chawo, madamu akukhulupirirabe kuti amaona. Chigamba chija ndinachisoka Loweruka lomwelo, khakhi pakati, ngodya zonse zinayi zokhala bwino, kuti akangotembenuza kunsi aone mmene dzanja lamanzere limapindira. Ndakhala ndikufunsa aliyense wochokera ku Goromonzi za Jenifa wosoka, wamanzere, wa makolo a ku Dedza. Amandifunsa dzina la purazi lake, ndipo ine sindilidziwa. Masiku atatu aja ndinamufunsa mafunso ambiri, koma limenelo ayi.