Mpendero Wopotoka

Amuna anga ndi telala, ndipo kupuma sakudziwa. Zaka makumi atatu ndawaona atawerama pa makina, tepi ili m'khosi ngati anabadwa nayo. Ndiye tsiku limene adokotala anati BP yawo yakwera moopsa, ndipo ikapanda kutsika pakutha pa mwezi shopu aitseke, munthu wamkulu anafika kunyumba nkhope itagwa, chakudya osachikhudza. Shopuyo ndi moyo wawo, ndipo ine ndinachita mantha.

Mwana wathu wachisamba amagwira ntchito yokongoletsa nyumba za anthu. Atamva, anatulukira Loweruka ndi galimoto yodzaza katundu. Anatiuza kuti masiku ano nyumba yodzilemekeza imakhala ndi chipinda chopumulira, chopanda foni, TV kapena mipando, choti munthu azingokhalamo n'kumapuma mpweya. Ndinamufunsa ngati m'zipinda zinazi timabanika, koma sanaseke.

Anatulutsa zonse m'chipinda cha alendo. Makoma anawapaka penti wobiriwira pang'ono, pansi n'kuyala kapeti wofewa ndi mapilo akuluakulu. Pakona anaika maluwa a mumphika, makandulo onunkhira ndi kachipangizo kolira ngati mvula, kamene tsiku loyamba kanandithamangitsa kukaanula zovala dzuwa likuswa mtengo. Pawindo anapachika katani yaitali yoyera. Lamulo linali lakuti bambo ake azigonamo ola limodzi masana alionse, manja ali pamimba.

Bambo anamvera. Koma ndikawayeza potuluka, BP inkakhala itakwera kuposa polowa. Sabata yoyamba ndinakayikira makandulo, ndinawachotsa. Yachiwiri ndinazimitsa mvula ija. Sizinathandize, masiku nawo akungotha.

Tsiku lina ndinasuzumira. Munthu anali chagada pa kapeti, maso ali tong'o pa katani, zala zikuyenda ngati akusankha nyemba. Ndinawapanikiza mpaka anaulula monong'ona.

"Mpendero uwo wapotoka. Kumanzere watsika ndi chala chathunthu. Ngakhale nditsinzine ndimauonabe."

Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Ndinati angomuuza mwanayo akabweze kataniyo kwa amene anasoka. Apo m'pamene anandiuza chimene sindinkadziwa, chimene mwanayo anawanong'oneza poipachika: anasoka ndi iyeyo. Mtsikana amene ali wamng'ono ankathawa singano ya bambo ake ngati jakisoni, anakabwereka makina kwa mnzake n'kudzivutitsa yekha. Khoswe anali atakhala pamkhate. Bambo anati bola BP iwatenge kusiyana n'kumuchititsa manyazi mwana.

Ine zokhala wamasiye chifukwa cha katani ndinazikana. Ndinawabweretsera lezala, singano ndi ulusi woyera, n'kulonjeza kuti ndilondera pakhomo. Ulonda wangawo unathera m'tulo pa mpando. Ndinadzidzimuka mwanayo atandidutsa kale, chitseko chili chotsegula.

Bambo anali atakhala pa pilo, katani ili pamiyendo, theka la mpendero atalimasula, akuimba kamluzu kamene ndinali ndisanakamve chiyambire matendawa. Ataona mwana, mluzu unathera pakamwa. Lezala anayesa kuibisa kuseri kwa bondo, munthu wa imvi zake.

Mwanayo anayang'ana ulusi umene unali mbwee pa kapeti wake. 

"Ndinkadziwa kuti wapotoka, adadi," anatero. "Ndinaubwereza katatu. Ndinkangodikira kuti mundiuze pamene ndikulakwitsa."

Bambo anasunthira kumbali.

"Vula nsapato, muno ndi mopumulira. Khala apa. Pinda kawiri, ugwire ndi chala chachikulu, usakoke nsalu."

Ola lija linasanduka maola awiri. Ankakangana, ankaseka, mwana anadzibaya kawiri n'kumati singano ya bambo ake ili ndi nkhanza. Atatha ndinawayeza bambo, ndipo BP inali itatsika moti ndinachita kubwereza poganiza kuti kamakina koyezera kafa. Kuyambira tsikulo mwanayo ankabwera masana alionse ndi nsalu za makasitomala ake, ndipo m'chipinda chopumulira munayamba kupezeka mapini.

Mwezi utatha, adokotala anati shopu isatsekedwe, bola aziweruka masana. Anafunsa chimene asintha. Bambo anakonza kolala yawo n'kunena kuti apeza wophunzira, wamakani ngati mayi ake, koma manja ndi a bambo ake enieni. Mwanayo, amene anatiperekeza, anatembenukira kukhoma n'kuyamba kupukuta m'maso.