Kutsogolo Kumanunkha Petulo

1.

Kutsogolo kumanunkha petulo.

Amayi ankatero. Ankatero atakwera kale kumbuyo kwa pikapu, atakhala pa tayala la sipeya, chitenje atafunda kumutu.

2.

Pikapuyo inali ya malemu abambo anga, a Namakhwa a ku Bangwe, aja ankanyamula njerwa, mbuzi, makwaya ndi maliro. Chimwalirireni iwo yakhala ili pa miyala kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira. Ine Fanesi, mwana wawo woyamba, wogulitsa kaunjika mu Limbe, ndinalumbira kuti iyendanso. Osati chifukwa cha iwo, ayi ndithu. Tikukavundukula chiliza chawo kumudzi ku Phalombe, ndipo amayi anga akafika kumeneko atakhala kutsogolo, ngati mkazi wa mwini galimoto, mudzi wonse ukuona.

Kamodzi kokha. Asafe asanalaweko.

3.

A Matiki, makaniko a pa Namiyango, anapinda mpando n'kuimba mluzu.

Mwaiona, achemwali? Thanki ili kumsana kwa dalaivala. Magalimoto akalewa anawapanga choncho, munthu umayenda utabereka petulo ngati mwana.

Ichotseni.

Ikagone kuti?

Kulikonse. Ngakhale ku gehena ngati kuli malo. Bola amayi asamve fungo lake.

A Matiki anaseka mpaka kugwira bondo. Iii, inu ndiye mwabwera ndi moto. Pafupi ndi thanki moto ayi, achemwali.

4.

Amene anakhalapo kutsogolo:

abusa, popita ku maliro
eni katundu
wapolisi wopempha lifiti
anti Lidesi, msuweni wa abambo, amene tinkawatenga pa Mikolongwe
batire latsopano lokulungidwa m'bulangete
anti Lidesi
tambala wa mphatso, poti kumbuyo akanauluka
anti Lidesi

Amene sanakhalepo:

amayi

5.

Inu ababa, ngati akufa amamva, tamverani: mvula ija ya pa msewu wa Midima, ine ndili kamwana, tili kumbuyo ndi amayi pansi pa pepala la pulasitiki limene mphepo inkalikoka, madzi akulowa m'khosi n'kutulukira kumapazi, matumba a chimanga akunyowa, amayi atandikumbatira mano akugundana, ine ndikusuzumira pa kagalasi ka kumbuyo kaja n'kumaona inu mukuseka, anti Lidesi akusenda nthochi n'kumakupatsirani, mawaipa akuvina uku ndi uku, ndiye ine ndi pakamwa pangapa ndinafunsa mokuwa anthu onse a matola akumva kuti amayi, bwanji inu simukhala kutsogolo poti mpando uja ngwa anthu atatu, amayi n'kundiyang'ana, n'kuyang'ana anthu aja, n'kutsokomola, n'kunena kuti chifuwa changachi mwanangu, kutsogolo kumanunkha petulo

6.

A Matiki akulankhula ali chagada kunsi kwa galimoto, miyendo yokha ikuoneka.

Timasula malamba awiri aja, thanki yatuluka. Yatsopano tiipachika kuno, pansi pa bodi, pakati pa zitsulo zikuluzikuluzi, kumbuyo kwa matayala. Paipi ya petulo ikhala yaitali, kuchokera kuno mpaka ku injini. Waya wa geji ya petulo nayenso timuwonjezera. Pothirira tiboola m'mbali mwa bodi, bowo lakale lija tiwotchererapo chigamba, penti ikadutsa simudzapazindikira. Koma yakaleyo tiithire madzi kaye. Yodzaza siivuta, yopanda kanthu ndiye imaphulika. Tandikankhirani sipanala iyo ndi phazi.

7.

Dzimbiri.

Bawuti iliyonse kukana. Yamakani ngati mwini wake.

8.

Amayi anali kusankha nyemba pakhonde pamene ndinawauza.

Isiye galimotoyo, Fane. Minibasi zilipo.

Minibasi? Mkazi wa a Namakhwa akafike pa chiliza cha mwamuna wake atapanikizidwa ndi madengu a usipa? Ayi, ine ndiye ndakana.

Nanga thankiyo yakulakwira chiyani?

Yandilakwira ine? Yakukhazikani padzuwa ndi pamvula moyo wanu wonse!

Anatola kamwala m'nyemba, n'kukaponya kutali.

Mwana iwe sumamva. Tandipatsa lichero ilo.

9.

Pa maliro a abambo anti Lidesi analira mpaka kukomoka. Ndine ndinawathira madzi kumaso, ndine ndinawakupiza ndi chitenje changa. Koma msuweni wachikondi uyu, ndinatero mumtima.

Amayi anali pamphasa, maso ali gwa.

10.

A Matiki, tandiuzani zoona. Ntchito imeneyi, kalelo, ikanatheka?

Aaa, ikanalephereka bwanji? Ngakhale pansi pa mtengo wa mango. Ndi kufuna basi.

Ndi kufuna basi.

Ndinabwereza mawu awowo, n'kuzungulira kuseri kwa galaja, kumene anagoneka thanki yakale ija, yofiira ndi dzimbiri. Ndinaimenya theche. Chala changa n'chimene chinapweteka.

Ababa, inu amene munkatsitsa injini ndi manja anu pabwalo pathu, inu amene munkaima pamsewu kukonzera galimoto anthu osawadziwa, munalephera kusuntha chitini chimodzi kuti mkazi wanu achoke pamvula? Batire munkalifunditsa bulangete. Batire! Ndikudana nanu. Ndanena. Chiliza takumangirani chokongola, cha matailosi, chokhala ndi vesi, koma ndikudana nanu.

11.

Mayi wina wadzitsekera mu pikapu pa galaja ya pa Namiyango. Wachapa ndi sopo, wakwecha ndi phulusa, wafinyira mandimu. Akununkhiza ngati galu: mpando, pansi, zitseko, kuseri kumene kunali thanki, kumene tsopano kuli malo oti n'kuikako chikwama.

A Matiki akugogoda pagalasi. Achemwali Fanesi, muli bwinobwino?

Watsitsa galasi. Kulibe, akutero. Fungo kulibe.

Akuseka, misozi ikutsika.

12.

Zokwera kumbuyo m'mawa wa ulendo:

nkhata za maluwa
thumba la mpunga
mipando ya pulasitiki
amayi a kwaya ndi ng'oma yawo

Penti yobiriwira, injini ikulira mofatsa, chiwongolero ndigwira ndekha. Anthu oyandikana nafe anatuluka m'nyumba, ena mswachi uli kukamwa. Eee, ya a Namakhwa yadzuka! Ndinafuna aone. Ndinayala chitenje chatsopano pampando, n'kutsegula chitseko mpaka malire ake.

Amayi, lowani. Thanki ndachotsa, ili pansi kumbuyo uko. Nunkhizani nokha.

Anabwera pang'onopang'ono, bulauzi yoyera, duku latsopano. Anasuzumira mkati manja ali kumbuyo, ngati munthu woyang'ana m'nyumba ya eni.

Fane, tabwera kuno, anthu asamve.

13.

Unayamba wandimvapo ndikutsokomola m'nyumba, iwe? Ine amene ndaphikira nkhuni zaziwisi, ndakoleza mbaula, ndayatsa koloboyi moyo wanga wonse? Chifuwa changachi chilibe vuto, sichinakhalepo ndi vuto.

Lidesi ndi msuweni wa abambo ako, zimenezo n'zoona. Kwathu asuweni amasereulana, mkazi wanga, mwamuna wanga, anthu n'kumaseka. Ndiye anthu ankaseka. Awiriwo sankasereula.

Abambo ako sanandithamangitse kutsogolo. Iwo ankati, mpando ngwa anthu atatu, tizikwana. Tizikwana! Ine ndikhale ntchafu kugundana ndi Lidesi, nthochi izidutsa pamphuno panga? Ndinakwera kumbuyo ndekha, ndi miyendo yangayi. Ndiye iwe n'kudzandifunsa pagulu la anthu, kamwana konyowa, kakunjenjemera. Ndikanati chiyani? Ndinanamizira petulo. Sindinkadziwa kuti udzakula nazo mpaka kufika pogula mapaipi.

Wavutika mwanangu, ndaona, ndipo galimoto yakongola. Koma pampando umenewo sindinakhalepo mwini wake ali moyo. Ndikakhalepo lero, kuti a ku Phalombe azikanena kuti anadikira afe? Ine ayi.

Pa Mikolongwe uime. Lidesi watumiza uthenga kuti akudikira pamsewu, ndipo maondo ake masiku ano sangakwere kumbuyo.

Usandiyang'ane choncho. Tsitsa chitseko cha kumbuyocho, undigwire mkono.