Tsiku Limene Aphunzitsi Anaiwala Kulemba

Sekesai ankatsuka mbale kuseri kwa khitchini pamene Dzingai anafika ndi kope lake lakuda. Kunali kutatsala masiku anayi kuti anthu akavote. Dzingai anali tcheyamani wa chipani m'midzi ya kumunsi kwa mtsinje wa Mudzi, ndipo sabata imeneyo ankayenda khomo ndi khomo.

"Mhofu, mulipo?" anaitana a Gwenzi, bambo ake a Sekesai, ndi mfunda wawo. "Kapena mwapita kukasaka mjigo uja?"

"Fika, Dzingai. Kale unkaima patali ukamandiitana."

Anaseka onse awiri, koma kuseka kwake kunali kouma. A Gwenzi anaphunzitsa pa pulayimale ya m'mudzimo zaka makumi atatu ndi ziwiri. Aliyense wodziwa kulemba dzina lake kumeneko anadutsa m'manja mwawo, ndi Dzingai yemwe, amene ankatsala naye anzake ataweruka, kumugwira dzanja mpaka zilembo zitaima bwino. Atapuma ntchito sanasiye cholembera chawo chofiira. Chinkakhala m'thumba la malaya, ndipo anthu ankabwerabe ndi mapepala a kuchipatala ndi makalata a ana awo a ku Joni kuti awawerengere. Mlandu wawo unali umodzi. Pa msonkhano wa mwezi wathawo anakweza dzanja n'kufunsa kuti mjigo umene unalonjezedwa pa zisankho zapitazo unakumbidwa pati, poti iwo anali asanauone.

Dzingai anatsegula kope n'kufotokoza modekha, ngati akunena za mvula. Mayina ena anali ndi kadontho kumapeto. Anthu a kadontho sakavota okha. Akafika akauze woyang'anira kuti sadziwa kulemba, ndipo lamulo limalola munthu wotere kusankha womuthandiza. Wothandiza a Gwenzi akakhala iye mwini.

"Ine ndikanene kuti sindidziwa kulemba? Pa sukulu yomwe ija?"

"Ena akumanga bandeji kudzanja, Aphunzitsi, koma bandeji zachuluka chaka chino. Alendo oonerera zisankho aja angaganize kuti mudzi wonse unagwa pa ngolo. Inu mukangonena pakamwa basi."

Ndiye Dzingai anatembenuza nkhani, n'kufunsa za Sekesai. Anati wamva kuti mwana anakhoza bwino mayeso ndipo akufuna malo ku sukulu ya unamwino, koma fomu yake ikudikira kalata ya chidindo yomuchitira umboni, ndipo makalata otere amadzera m'manja mwake. Anati zingamvetse chisoni mwana wanzeru chonchi atakalamba akugulitsa maputi, mbuliuli zija, pa siteji ya basi. Dzina la Sekesai linalibe kadontho, anatero, pakadali pano.

Kuseri kuja Sekesai anamva zonse, mbale ili m'manja, madzi akudontha m'zigongono. Ankadziwa choyenera kuchita: kutuluka n'kunena kuti, Baba, musatero, sukuluyo ikhale. Koma sanatuluke. Chimwalirireni amayi ake m'chipatala cha kuboma, iye ankangodziona atavala zoyera, akuyenda pakati pa mabedi. Anapitiriza kutsuka mbale yoyera kale mpaka Dzingai atapita.

Akudya sadza, nsima ya kumeneko, madzulo, bambo ake anamufunsa ngati anamva zimene mlendo ananena.

"Ayi, Baba. Ndinali kudimba."

A Gwenzi anayang'ana mbale zimene zinali pathandala zikudonthabe, kenako anayang'ana mwana wawo, n'kugwedeza mutu pang'ono. Sanafunsenso.

Tsiku lovota anavala jekete yawo ya kutchalitchi. Ali pakhomo anabwerera, anasolola cholembera chofiira m'thumba n'kuchisiya pawindo. Sekesai anaona, koma anachita ngati akumanga nsapato.

Mzere unali wautali, dzuwa likuswa mtengo. Povotera panali m'kalasi ya Giredi 3, momwe a Gwenzi anaphunzitsa zaka zambiri, ndipo pakhoma panali papachikidwabe tchati cha zilembo cholembedwa ndi dzanja lawo, chitasuluka. Woyang'anira anali Mai Chipfuwa, mphunzitsi wa sukulu ina, amene nayenso anaphunzira kuwerenga m'chipinda chomwecho. Atawaona anaimirira osaganiza n'komwe, monga ankachitira ali mwana.

"Mwadzuka bwanji, Aphunzitsi?"

"Ndadzuka, mwanangu. Ndikufuna wondithandiza."

Mai Chipfuwa anaona Dzingai ataima kumbuyo kwawo ndipo anakhala pansi pang'onopang'ono. Anakoka buku limene amalembamo othandizidwa. Anati lamulo likufuna kuti afunse chifukwa. Kodi ndi maso?

A Gwenzi anayankha, koma mawu sanamveke.

"Kwezani mawu, Mhofu, alembe," anatero Dzingai. "Paja munkatiuza kuti wolankhulira m'mimba sakhoza."

"Sindidziwa kulemba."

Wina pamzere anaseka, kenako kusekako kunasanduka chifuwa. Ena onse anayang'ana pansi. Mai Chipfuwa analemba mutu uli chowerama, ndipo anachedwa pa mawu awiri okhawo ngati ndi kalata yaitali. Dzingai anatenga mapepala, anawagwira a Gwenzi pamkono monga agwirira nkhalamba yodwala, n'kulowa nawo m'kachipinda ka katoni. Sekesai ankaona miyendo yokha pansi pa katoniyo: nsapato za bambo ake zopolishidwa zitaima chammbali, za Dzingai zili kutsogolo.

Itakwana nthawi yake, Sekesai analowa yekha. Inali voti yake yoyamba, imene anaiyembekezera chiyambire Fomu 2, ataphunzira m'kalasi kuti m'kachipinda kameneka munthu amakhala mfumu. Anaganiza za kalata ija, anaganiza za mphekesera yoti a chipani amadziwa pamene aliyense wachonga. Kenako analemba kamtanda pamene ankadziwa kuti bambo ake akanalemba, mizere iwiri yowongoka monga anamuphunzitsira. Ankayesa kuti mtima ukhala pansi. Sunakhale.

Anabwerera kunyumba chapansi, aliyense inki ili pa kachala kakang'ono. Atadutsa pa dibi la ng'ombe pamene panalibe anthu, Sekesai analephera kupirira.

"Baba, ine ndavotera..."

"Usandiuze."

"Koma ndimafuna mudziwe kuti..."

"Sekesai, usandiuze. M'nyumba mwathu mukhaleko munthu mmodzi amene ali ndi chinsinsi chake."

Anapitiriza ulendo. Sekesai ankafuna kunenanso china, chachikulu kuposa chija, chakuti sanali kudimba tsiku lija. Koma anaona kuti bambo ake ankadziwa kale, ndipo anamukhululukira asanapemphe. Chimenecho ndicho chinkawawa koposa.

Kalata ya chidindo inabwera patatha milungu iwiri. Dzingai anaibweretsa yekha, ali ndi botolo la maheu la mphatso, n'kunena nthabwala kuti namwino asadzaiwale kumubaya jakisoni wosawawa. A Gwenzi anathokoza ndi manja awiri. Kalatayo sanaitsegule, anangoipereka kwa mwana wawo.

M'mawa wa tsiku loti Sekesai mawa lake anyamuke, kunabwera Mai Marimo, mayi wamasiye wa kutsidya, ndi kapepala ka kuchipatala. Anakhala pamphasa, anawomba m'manja, n'kupempha Aphunzitsi kuti amuwerengere kamwedwe ka mankhwala, monga ankachitira nthawi zonse.

A Gwenzi anakayang'ana kapepalako nthawi yaitali osakalandira.

"Mayi, simunamve? Ine sindidziwa zimenezi. Zinalembedwa m'buku la boma."

"Aa, Aphunzitsi, zija tonse tikudziwa kuti zinali za tsiku limodzi."

"Ndinanena pamaso pa ana anga onse. Ndikawerenga lero, ndiye kuti ndinawanamiza tsiku lija. Mpatseni Sekesai."

Sekesai analandira kapepalako. Anawerenga kuti m'bulu umodzi m'mawa, umodzi madzulo, mutadya, ndipo mawu ake ankaduka ngati a mwana wa Giredi 1. Mai Marimo anathokoza, koma asanadzuke anafunsa kuti, nanga mwanayu akapita mawa, tidzapita kwa yani?

Cholembera chofiira chinali pawindo pomwe paja, fumbi litayamba kuchikuta. Sekesai anachitenga, anachipukuta ndi nsonga ya chitenje, n'kupita kukachiika m'thumba la malaya a bambo ake. Iwo anamugwira dzanja mofatsa, anachichotsa, n'kumufumbatitsa.

"Longedza," anatero. "Kumene ukupitako adzafuna wolemba."