Wailesi Yosankhidwa ndi Zala

Bulashi anali atasankha kale. Anaima pakauntala ya shopu ya zamagetsi atakumbatira chiwailesi chakuda chonyezimira, cha timagetsi tofiira ndi tabuluu tovina nyimbo ikamalira, ndipo ankangodikira kuti mkazi wake, make mapasa, avomere azipita. Dzina la Bulashi anamupatsa ndi anzake chifukwa ntchito yake inali yopenta nyumba, ndipo munthu wa penti, mukudziwa inu, amakhulupirira maso ake kuposa china chilichonse.

Make mapasa sanavomere. Anaiyang'ana wailesiyo uku ndi uku, kenako anafunsa mwini shopu kuti mabatani ake ali pati. Mwini shopuyo, bambo wonenepa wa magalasi pamphumi amene msewu wonse unkamutchula Mawaya, anamuonetsa kumaso kwa wailesiyo, kosalala ngati galasi, n'kunena kuti zamakono sizikhala ndi mabatani, munthu amangokhudza pamene pakuwala.

"Nanga amene saona kuwalako akhudza pati?" anafunsa make mapasa.

Wailesiyo sinali yawo. Ankagulira bambo ake a Bulashi, atelala opuma ntchito amene matenda a shuga anawalanda maso. Madalawo ankakhala nawo pakhomo, m'chipinda cha kumbuyo, ndipo chuma chawo chonse chinali katoni ya zimbale za nyimbo zimene anasonkhanitsa nthawi ija akusoka. Wailesi yawo yakale itafa, Bulashi anaika nyimbo mufoni n'kunena kuti zimbale n'zachikale. Koma foni yosalala kwa munthu wosaona ndi thabwa chabe. Nyimbo ikatha madala ankaitana, ikalowa ina yosaifuna ankaitananso, mpaka tsiku lina Bulashi, atabwera kuntchito ali wefuwefu, anawakalipira kuti anthu ali ndi zochita, nyimbo si mankhwala.

Madalawo anakankhira katoni yawo kunsi kwa bedi ndi phazi, ndipo kuyambira tsikulo sanapemphenso munthu nyimbo. Ankangokhala pampando ali duu, manja pamaondo, munthu amene kale ankadzutsa nyumba yonse ndi mluzu. Zimenezi zinkamudya mtima make mapasa. Iye ankafuna chinthu chimodzi basi, wailesi imene apongozi ake angaimbe okha popanda kuitana munthu. Bulashi nayenso chisoni anali nacho, tisamunamizire, kungoti ankaganiza kuti kupepesa kwabwino n'kugula chinthu chachikulu kuposa zonse za m'shopu.

Atamva funso la mkazi wake, Bulashi anati angowaphunzitsa bambo pogwira, si ana ayi. Make mapasa sanatsutsane naye. Anatsegula kachikwama kake n'kutulutsa chimbale chimodzi chimene anatenga m'katoni muja apongozi ake ali kosamba. Kenako anamasula mpango wa kumutu, anaupinda bwinobwino, n'kudzimanga m'maso pakati pa shopu, anthu akuona.

Aa, kuseka kwake! Mayi wina amene ankasankha ayironi anachita kugwira pakamwa. Mawaya anatsitsa magalasi ake n'kunena kuti iye amagulitsa mawailesi, zachibisalirano akachitire kusukulu ya mkaka. Bulashi anamunong'oneza mkazi wake kuti asamuyalutse, anthu ena m'shopumo anawapenterako nyumba. Koma make mapasa anali woluka tsitsi, ndipo woluka tsitsi manyazi a zala alibe. Tsiku lonse zala zake zimagwira ntchito m'mitu ya anthu iye akuyang'ana kwina, akucheza. Anangotambasula manja n'kupempha kuti amuikire wailesi ija patsogolo.

Anayamba kuipapasa. Zala zake zinatsetsereka kuchokera mbali ino kufika mbali inayo osapeza pogwira. Anakhudza pena, wailesi inakuwa ndi mawu a munthu wolengeza za mpira. Anakhudza pena, kathireyi koikapo chimbale kanatulukira mwadzidzidzi n'kumugunda pamkono. Anayesa kukhazikapo chimbale chija, koma chisanakhale bwino kathireyiko kanabwerera kokha n'kuchipana m'mphepete. Mawaya anachita kudumpha kukachipulumutsa.

"Chikomekome cha mkuyu," anatero make mapasa, nsalu ili m'maso. "Bweretsani ina."

Apa m'pamene Mawaya anasiya kuseka. Iye anali wamalonda, inde, koma anali munthu wokonda ntchito yake, ndipo anaona kuti mayiyu sanabwere kudzasewera. Anatenga kawailesi kozungulira, kongokwana chimbale chimodzi, kaja munthu amaika m'thumba la jekete n'kumamvera m'makutu. Anati kameneka n'kopepuka, madala angagone nako ngakhale pabedi, ndipo sikasokoneza ena. Make mapasa anapeza chivundikiro chake mosavuta, anaika chimbale, anavala zam'makutu zija, ndipo nkhope yake inamasuka pang'ono. Bulashi anamufunsa ngati kali bwino. Sanayankhe. Anamufunsanso mokweza, mpaka anachita kumugwira paphewa, ndipo mayiyo anadzidzimuka zedi.

Anavula zam'makutuzo n'kuzibweza pakauntala. Anati kamvekedwe kake n'kokoma, koma munthu amene maso anapita amadalira makutu kuti adziwe amene walowa m'chipinda, ketulo ikawira, mwana akagwa. Ukamutsekanso makutuwo ndiye kuti wamuika m'manda ali moyo.

Zinabwera zina. Ina inali ndi mabatani enieni, koma onse ofanana, ondandalikana ngati mano, moti make mapasa pofuna kukweza mawu anazimitsa nyimbo. Ina mabatani ake anali abwino, koma ukaiyatsa inkayambira kumawailesi a nkhani, ndipo kuti ufike kuchimbale unkayenera kuwerenga timawu ta pagalasi. Ina chivundikiro chake chinkafuna chikhadabo. Iliyonse ankaipatsa mpata wokwanira, osafulumira kuinyoza, ndipo akaikana ankanena chifukwa chake mwaulemu. Mayi wa ayironi uja anaiwala zimene anadzera, anangoima chapafupi n'kumaonerera.

Mawaya anaulula kuti pa zaka zonse wakhala m'shopumo waona ogula amitundumitundu. Ena amagogoda sipika, ena amafuna kugunda kogwedeza mawindo, ena amangofunsa dziko limene inapangidwa. Koma wofunsa wailesi ndi zala anali asanamuonepo. Anayesa yekha kutsinzina n'kupapasa wailesi imene ankaitama kwambiri, ndipo anatsegula maso msanga akupukusa mutu. Kenako analowa kuchipinda chake chokonzera zinthu, anagubuduzagubuduza makatoni, n'kutuluka akupukuta fumbi pa chinthu china ndi malaya ake.

Inali wailesi yotuwa, yonyamula m'manja, ya sipika uku ndi uku. Penti inali itasupuka m'makona, mlongoti wake unali wopindika, ndipo pamwamba panali dontho louma la kandulo. Mawaya anati wina anaisiya posinthitsa ndi yatsopano, iye anaikonza diso lowerengera zimbale, koma palibe amene ankaiyang'ana kawiri.

Make mapasa anaika manja pamwamba pake. Chala chake chinapeza kadzenje pakona ya chivundikiro, anadina, chivundikiro chinadzuka chokha. Mkati anapeza kamchombo ka pakati, anakhazikapo chimbale, anakanikiza, chinalira kuti kha. Anatseka. Kutsogolo kunali mabatani akuluakulu otalikirana, ndipo la pakati linali lalikulu kuposa anzake. Analidina, ndipo nyimbo ya apongozi ake, ya magitala akalekale, inadzaza shopu yonse. Mawu ankakwezera pa kachitsulo kopotokola ngati mpopi wa madzi. Sanakhutire msanga. Anadumphitsa nyimbo, anabwerera, anaimitsa, anazula chingwe kukhoma n'kubwezeranso kuti aone ngati iiwale pamene inali. Anainyamula n'kuyenda nayo pang'ono akuigwedeza, nyimbo osadukiza.

"Ndi imeneyi," anatero.

Bulashi nkhope inagwa. Anati iye ndi mwana woyamba, ndipo achibale akabwera kudzazonda madala aziti chiyani poona chinthu chonga chotola kudzala? Aziti mwana wawo amapenta nyumba za anthu koma bambo ake anawagulira chosupuka. Mawaya anaseka n'kunena kuti ukaipa dziwa nyimbo, ndipo imeneyi nyimbo ikuidziwa. Bulashi sanaseke nawo, anagwirabe chiwailesi chake chakuda chija.

Make mapasa anamasula mpango uja, anaphethiraphethira, n'kuupereka kwa mwamuna wake.

"Bambo a mapasa, sindikukanizani. Ingomangani, muimbe nyimbo imodzi yokha pa yanuyo. Mukatha tigula yomweyo."

Pamaso pa anthu sakanakana. Anamanga mpango wa mkazi wake, wamaluwa achikasu, ndipo nthawi ino palibe anaseka. Anapapasa galasi lija. Anakhudza apa, anakhudza apo, wailesi inalira kamodzi n'kukhala chete. Anadikira, osadziwa ngati yazima kapena ikuganiza. Anakhudzanso, osamva kanthu. Anatembenuzira mutu kumene ankaganiza kuti kuli mkazi wake, koma kunali shelefu ya maketulo.

"Make mapasa, tandi..."

Mawuwo anathera pakamwa. Anaima choncho kwa kanthawi, dzanja lili m'malere. Umu ndi mmene bambo ake ankaitanira kuchokera kuchipinda cha kumbuyo, ndipo iye anawamva mawuwo akutuluka m'kamwa mwake momwe. Atamasula mpango maso ake anali ofiira, ndipo anati nsaluyo inamuthina. Palibe anamutsutsa. Anakankhira wailesi yakuda ija kumbali, n'kunyamula yekha yotuwayo. Mawaya anawaperekeza mpaka pakhomo la shopu, zimene sankachitira aliyense, ndipo anauza Bulashi kuti mkazi wotere azimusunga bwino.

Anafika kunyumba dzuwa likadali pamwamba, mapasa asanaweruke kusukulu. Madala anali pampando wawo wa masiku onse. Bulashi anawauza kuti awagulira wailesi ya zimbale, koma iwo sanatembenuke n'komwe. Anati aike pamenepo, ndipo asamavutike nawo, anthu ali ndi zochita. Mawuwo anamulasa Bulashi, ndipo anatambasula dzanja kuti agwire chala cha bambo ake awaonetse mabatani. Make mapasa anamuletsa ndi maso. Mayiyo anagwada, anaika wailesiyo pa kastulu, analumikiza chingwe, anabweza chimbale chija m'katoni n'kuikokera poyera.

"Bambo, wailesi ili kudzanja lanu lamanja, pa kastulu. Katoni ili pafupi ndi phazi lanu. Ife tili pakhonde."

Anatuluka, chitseko anachisiya chotsegula pang'ono. Pakhondepo make mapasa anatenga mtolo wa tsitsi loluka nalo n'kuyamba kulilekanitsa, ngati palibe chikuchitika. Bulashi anakhala pa chitini cha penti. Anafunsa monong'ona kuti nanga akapanda kuigwira? Mkazi wake anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo munthu amene anakhala moyo wake wonse akulowetsa ulusi pasingano sangagonje ndi mabatani.

Kwa nthawi yaitali m'chipindamo munali zii. Kenako mpando unalira. Katoni inakhwekhwerezeka pansi, zikuto za zimbale zinagundanagundana, ndipo patapita kanthawi anamva chivundikiro chikudzuka, kenako kha uja. Anadikira nyimbo, koma sinabwere. Make mapasa anadziwa kuti chimbale achiika chozondoka. Bulashi anadzambatuka kuti akathandize, koma mkazi wake anamugwira buluku n'kumukhazika pansi. Tsitsi lija linali litapotana m'manja mwake, koma sanamusiye.

Chivundikiro chinadzukanso. Kha. Ndiye magitala aja anayamba, motsitsa kaye, kenako mokweza, kenako motsitsanso mpaka pamene mwini wake anafuna. Nyimboyo isanathe inadumpha, inalowa ina, inadumphanso. Madala ankasankha. Make mapasa anaweramitsa mutu n'kupukuta m'maso ndi msonga ya mpango wake.

Posakhalitsa nyimbo inaima, ndipo madala anaitana mwana wawo. Bulashi anathamanga mpaka anagwetsa chitini chija, n'kufunsa ali pakhomo kuti chavuta n'chiyani. Anawapeza wailesi ili pamiyendo, zala zawo zikuyenda m'makona osupuka aja ngati mmene ankayendera pamsoko wa jekete.

"Palibe chavuta," anatero madala. "Wasankha ndani imeneyi? Si iwe. Iwe ukanabwera ndi yoterera."

Bulashi anavomera kuti anasankha ndi make mapasa, ndipo anafotokoza za mpango uja. Madala anaika chala pa batani lalikulu la pakati. Kenako analankhula mokweza kuti mawu afike pakhonde, n'kunena kuti apongozi alowe, asakhale panja ngati mlendo. Make mapasa analowa n'kukhala pamphasa pafupi ndi chitseko, ndipo Bulashi, posowa mpando, anakhala pansi pafupi ndi mapazi a bambo ake.

"Khalani chete nonse," anatero madala. "Lero ndikuimbirani ndine."

Anadina batani lija okha.