Maayisi a Anti Tryness

"Taonani manja akewo! Wadzipakanso chitedze ameneyu," anatero a Tryness, akuloza Hazel pamaso pa azimayi onse a pampopi ku Kapata.

Hazel ankakhala kwa amalume ake, a Lazarus, ndipo akaweruka kusukulu ankagulitsa maayisi a akazi awo, a Tryness omwewa. Koma akangopisa dzanja m'bokosi la maayisilo, khungu linkayabwa, kenako n'kutupa ngati walumidwa ndi mavu. Mphepo ya mu Juni ikamuwomba, ziwengozo zinkafika mpaka m'masaya. A Tryness ankati ndi ulesi basi. Nkhani ya chitedzeyo anaifalitsa mpaka kutchalitchi, moti anyamata a pamsika anam'patsa dzina loti Nachitedze. Mwana wa eni! Amalume akenso anakhulupirira, n'kunena kuti akapitiriza am'bweza kumudzi ku Madzimoyo, sukulu ithere pomwepo.

"Lero ndichitsuka chitedzecho," anatero a Tryness m'mawa wina. Anam'kokera kuseri kwa nyumba, n'kumukhuthulira ndowa yonse ya madzi ogonera panja.

Abale inu! Thupi lonse linatupa, milomo inalemera, mpweya unayamba kutuluka ndi kamluzu. Mayi Lettie a nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda, n'kukuwa. Anam'kulunga bulangeti, anaimitsa wanjinga, ulendo wa kukiliniki.

Nesi anam'baya jekeseni pantchafu, ndipo mpweya unabwerera pang'onopang'ono.

"Si chitedze ichi, mwanawe. Thupi lako limadana ndi kuzizira," anatero nesiyo. "Mapiritsi awa uzimwa tsiku lililonse. Uzisamba madzi otentha, uzivala juzi, maayisi usawakhudzenso. Pakhosi pakayamba kutseka, uthamangire kuno."

Atabwerera kunyumba, a Tryness anangopinda mlomo. "Manesi a masiku ano mpaka kupusitsidwa ndi kamwana!"

Mumtima mwa Hazel munali moto. Ziwengo zitaphwa, anasiya dala mapiritsi aja, n'kudikira Loweruka, tsiku lomwe pampopi pamadzaza ochapa. Anapempha Mayi Lettie kuti am'sambitse mkono ndi sopo ndi madzi ofunda aliyense akuona.

"Chitedze chilipo apa?" anafunsa, atakweza mkonowo.

"Palibe!" anayankha azimayiwo.

"Anti, tengani ayisi wanu mmodzi m'bokosimu, muike pano ndi dzanja lanu."

"Iwe, ndilibe nthawi ya masewera ine."

"Ikani, a Tryness, mukuopa chiyani?" anatero Mayi Lettie. "Si ndinu munati ndi bodza?"

A Tryness anaika. Hazel analuma mano, maso ali pa iwo, osaphethira. Patapita kanthawi anachotsa ayisiyo. Anthu akuyang'ana chomwecho, khungu linayamba kukwera, mpaka chotupa chinaima, chofanana ndendende ndi ayisi uja, ngodya zake zomwe.

"Kaayisi kamodzi kameneka!" anakuwa mayi wina. "Ndiye inu munam'thira ndowa yonse?"

"Mukanapha mwana wa alamu anu chifukwa cha maayisi!"

Hazel anatulutsa piritsi pakansalu, n'kumeza mosafulumira. A Tryness anathawa, kusiya zochapa zawo pamwala. Nkhani inafika kwa a Lazarus asanatsike n'komwe njinga pochokera kuntchito, ndipo zomwe zinayankhulidwa m'nyumbamo, a nyumba yachitatu anazimva.

Za ku Madzimoyo sizinatchulidwenso. Bokosi la maayisi linasamukira pamutu pa mwini wake. Ndipo a Lazarus analamula kuti madzi osamba a Hazel aziwatenthetsa a Tryness m'mawa uliwonse.

Lolemba lake, Hazel anatuluka atavala juzi ya amalume ake. Anaviika chala m'ndowa, madzi akufuka nthunzi bwinobwino.

"Anti, sanatenthe awa."

A Tryness anatsegula pakamwa, koma m'nyumba a Lazarus anatsokomola. A Tryness ananyamula ndowa ija, n'kubwerera nayo pambaula.