Thobwa la Amake Febby

"Nditulutsileni mnyamata wanu wovala zoyela uja, ndimuone kumaso!"

Amai Bernadette, amene anthu ankawaitana kuti amake Febby, anaima pakhonde la kiliniki ina yaing'ono ya ku Msanzala, ndowa yopanda kanthu ili m'manja. Anali mai wamasiye wochokela ku Katete, ndipo ana ake ankawalela ndi malonda a thobwa. M'mawa umenewo anthu a pamsika anali atawatayila thobwa lonse pansi.

Anatuluka ndi a Chibwe, nesi wamkulu wochokela ku Kasama. Pambuyo pawo panali Kondwelani, wophunzila za umoyo wa anthu, amene koleji inamutumiza kuti adzaphunzile nchito pakilinikipo.

"Amake Febby, mtima pansi. Chavuta n'chiyani?"

"Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, a Chibwe, ndipo lelo wamva m'mimba ndine. Mwana uyu mailo anaima pakati pa msika n'kulengeza kuti thobwa langa ndilo linadwalitsa anthu. Tsopano akunditcha wothila mankhwala m'zakumwa. Ine! Ana anga adya chiyani? Adya mabuku ake?"

Nkhani yake inali yotele. Lamulungu lapitalo makwaya a mipingo yozungulila anakumana pamalo amodzi, ndipo pambuyo pa nyimbo anthu anadya ndi kumwa. M'masiku otsatila ambili anabwela kukiliniki akutsegula m'mimba. A Chibwe anali ku Petauke kukatenga mankhwala, motelo Kondwelani anafunsa yekha odwalawo zimene anadya ndi kumwa. Pafupifupi onse anatchula thobwa la amake Febby. Mnyamatayo sanayembekezele munthu. Anathamangila kumsika kukapulumutsa dziko.

"Sindinaname, amai," anatelo Kondwelani, mutu uli m'mwamba. "Mwa odwala khumi alionse, asanu ndi anai anamwa thobwa lanu. Manambala sanama."

A Chibwe anatembenuka pang'onopang'ono.

"Nanga amene sanadwale, anamwa angati?"

"Amenewo sanabwele kuno, sisita."

"Ndiye sunawafunse."

"Ndikanawafunsilanji, poti ali bwino?"

"Mulungu wanga! Odwala akowo onse anaimba nyimbo tsiku lija. Bwanji sunalengeze kuti nyimbo ndizo zitsegula m'mimba? Inu a kum'mawa, mukaona mchila wa mbewa imodzi mutentha tchile lonse!"

"Zisiyeni mbewa zathu, inu odya anyani," anatelo amake Febby, pobweza nthabwala imene a kum'mawa ndi a ku Kasama amanyozana nayo, koma osaseka. "Ine ndifuna dzina langa."

A Chibwe analoza Kondwelani ndi chala. "Phunzilo loyamba m'kalasi mwanu ndi limeneli, ndipo makolo ako analipilila. Nambala ya odwala payokha ilibe pakamwa. Imalankhula ukaiika pambali pa nambala ya amene sanadwale. Vula chovala chako choyelacho, chikukulemela. Tikuyenda."

A Chibwe ndi Kondwelani anayenda m'midzi dzuwa likuswa mtengo, kufunafuna onse amene anali pachikondwelelo paja, odwala ndi osadwala omwe. Zimene anapeza zinamudabwitsa Kondwelani. Thobwa linamwedwa ndi pafupifupi aliyense. Mwa amene anamwa, anadwala mmodzi mwa atatu alionse. Mwa ochepa amene sanalilawe n'komwe, anadwalanso mmodzi mwa atatu. Kumwa kapena kusamwa sikunasinthe kanthu.

"Ndiye china chake chilipo," anatelo mnyamatayo, mau atatsika. Anaganiza kanthawi. "Sisita, mwaona kuti mwa akulu a mpingo palibe amene anadwala? Odwala ambili ndi amai ndi atsikana a m'kwaya."

"Tsopano wayamba kufunsa ngati munthu wa sukulu. Anasiyana pati?"

Anabwelela m'makomo momwemo ndi mafunso ena. Chakudya chinali chimodzi, madzi akumwa anali amodzi. Chosiyana chinali chosamba m'manja. Pampu ya pamudzipo inali itaonongeka, madzi anali ochepa, ndipo beseni linali limodzi, lopanda sopo. Monga mwa ulemu, beseni linayambila kwa abusa ndi akulu a mpingo, linapita kwa amuna, kenako kwa amai, n'kuthela kwa atsikana. Mtsikana wina anati pofika kwa iwo madzi anali ngati otsukila miphika. Oyamba kusamba sanadwale. Omaliza anadwala ambili.

Loweluka anapita kwa a Jonas, mkulu wa mpingo umene unalandila alendo, kukapempha kuti Kondwelani alankhule m'tchalitchi.

A Jonas anawamvetsela mpaka kumapeto, nkhope itauma.

"Mwachidule, mukufuna kuima paguwa n'kunena kuti ife akulu tinapatsila ana athu matenda ndi manja athu."

"Sititchula munthu, bambo," anatelo a Chibwe. "Dzanja limene linayamba kudetsa madziwo sitilidziwa. Tikungoti madzi osamba azithililana, osati kuviika manja onse m'beseni limodzi. Ndipo tikuti amake Febby alibe mlandu."

"Beseni limayambila kwa akulu kuyambila kale. Nkhani ya mai uja idzazilala yokha. Musatiyalutse."

"Idzazilala iye atafa ndi njala!" A Chibwe anaimilila. "Mai wamasiye asenze manyazi kuti manja anu aoneke oyela? Ndiye chikhristu chimenecho?"

"Amai, muli pakhomo panga."

"Ndikudziwa, n'chifukwa chake ndikutuluka."

Panjila Kondwelani anafunsa kuti achite bwanji tsopano.

"Pamene unali kukanamizila munthu unapempha chilolezo kwa ndani?" anayankha a Chibwe, osamuyang'ana.

Lamulungu, mapemphelo atatha, Kondwelani anaima kunja kwa mpanda wa tchalitchi pamene anthu anali kutuluka. Analankhula mokweza. Ananena kuti analakwa, kuti anafunsa odwala okhaokha, kuti osadwala nawonso anamwa thobwa lomwelo. Anafotokoza za beseni. Amai ena anagwedeza mitu, ena anaseka chamumtima poyang'ana kumene kunaima akulu. A Jonas anadutsa ngati sakumva.

Bambo wina anakuwa ali kumbuyo: "Tsiku lija unati thobwa, lelo ukuti beseni. Sabata yamawa udzati chiyani, adokotala?"

Anthu anaseka, nabalalika.

Madzulo ake Kondwelani anapita kwa amake Febby. Anawapeza akupeta chimela. Sanamupatse mpando.

"Amai, ndanena zonse pamaso pa anthu. Ndikhululukileni."

"Ndamva kuti wanena." Anapitiliza kupeta. "Bodza lako analimva ndi makutu onse awili, mwanawe. Choonadi chako amva ndi khutu limodzi, lina akumvela nalo a Jonas. Pita, ukaphunzile bwino. Kumene udzagwile nchito kudzakhalanso amai amasiye."

Pachikondwelelo chotsatila cha mpingo, amai anabweletsa jagi ndipo anathilila madzi aliyense payekha, kuyambila kwa akulu monga mwa nthawi zonse. Palibe amene anatchula chifukwa chake, ndipo palibe amene anadwala. Thobwa anaitanitsa kwa munthu wina.

Amake Febby anapilila pamsika mpaka nyengo yokolola. Ogula anali apaulendo okha, amene sanadziwe kanthu. Anthu a pamudzi ankawapatsa moni waulemu kwambili, n'kupitilila. Chimanga chitalowa m'nkhokwe, anamanga katundu wawo, natenga ana, nakwela galimoto yopita ku Nyimba, kumene mabasi amaima ndipo palibe amene amafunsa dzina la wogulitsa.